Kanthu N'khama, Koma Mutu Umodzi Susenza Denga

Akuluakulu adatisiyira miyambi iwiri imene mwana wosadekha angayese kuti ikukangana. Wina umati kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Winawo umati mutu umodzi susenza denga. Woyambawo umamudzutsa mwana kuti asayang'ane kuchepa kwa msinkhu wake kapena umphawi wa kwawo. Wachiwiriwo umamugwira pamkono n'kumukumbutsa kuti palibe adadzilera yekha. Buku limene ndikufuna tilisanthule, adzukulu anga, likunena za mnyamata wofuna kukhala mlembi, amene adagwiritsitsa mwambi woyambawo mpaka manja kuchita matuza, wachiwiriwo n'kuutaya panjira.

Ana athu a sekondale kuno ku Songani, ku Domasi ndi ku Malosa akamakonzekera mayeso a MSCE amaloweza mawu osanthulira nthano: atengambali, malo ndi nthawi, tsatanetsatane wa zochitika, pampondachimera, mfundo zazikulu. Mawuwo ngabwino. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi liwiro la mayankho awo. Ukafunsa za mtengambali, yankho limatuluka lokonzeratu: uyu ngwakhama, uyu ngwankhanza, uyu ngwachifundo, basi nkhani yatha. Komatu munthu wa m'buku lolembedwa mwaluso sakwana m'liwu limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bukuli dzina lake ndi Martin Eden, ndipo lidatuluka m'Chingerezi mu 1909. Adalilemba ndi a Jack London a ku America, amene adabadwira ku San Francisco mu 1876 n'kumwalira mu 1916 ali ndi zaka 40 zokha. Iwowa adakulira mu umphawi, adagwirapo ntchito m'mafakitale ndi m'sitima za panyanja, ndipo zambiri zomugwera Martin zidayamba zawagwera iwo eni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Martin ndi mmalinyero wa mumzinda wa Oakland, wa zaka zongopitirira 20, amene sukulu adailekera panjira. Tsiku lina adaleretsa mnyamata wa kubanja lolemera la a Morse, dzina lake Arthur, amene anthu ena ankafuna kumumenya. Pothokoza, Arthur adamuitanira chakudya kunyumba kwawo. Masamba oyambirira a bukuli muwawerenge mofatsa. Martin akulowa m'nyumbamo akuyenda mwapendapenda monga adazolowerera m'sitima, mikono yake sakudziwa koiika, akuopa kuti mapewa ake agwetsa zokongoletsa za eni ake. Patebulo pali mipeni ndi mafoloko osiyanasiyana, iye akuba ndi diso kuti aone chimene anzake anyamula, thukuta lili kamukamu. Mwana aliyense wa kumudzi amene adadyako koyamba m'nyumba ya bwana ku boma akuzidziwa zimenezi. M'nyumba momwemo Martin adaona mabuku ambirimbiri, adaonanso Ruth, mlongo wake wa Arthur, wophunzira za mabuku ku yunivesite ya California. Mtima wake udatsala pomwepo.

Funso loyamba kwa wosanthula nali: chidamuyambitsa kulemba n'chiyani? Adayamba kuwerenga kuti aziyankhula monga a Morse, ndipo adasankha kulemba kuti apeze dzina ndi ndalama zomuyenereza kukwatira Ruth. Luso anali nalo ndithu, nkhani za kunyanja anali nazo zodzaza mtima, pambuyo pake adafika poikonda ntchitoyo payokha. Koma mbewu yoyamba idali yofuna kuti chitseko cha nyumba ya eni chimutsekukire. Mmera m'poyamba. Amene waona mbewu imeneyi sadzadabwa ndi zokolola za kumathero.

Za khama lake palibe angatsutse. Ankabwereka mabuku ku laibulale, nadziphunzitsa yekha malamulo a chiyankhulo. Tulo adatichepetsa mpaka maola 5 patsiku. Adabwereka makina otayipira olipira pamwezi, nachita lendi kachipinda kochepa kwa mayi wina wachipwitikizi, Maria Silva. Ankalemba nthano, ndakatulo ndi nkhani, n'kuzitumiza pa positi kwa akonzi a magazini, ndipo zinkabwerera zonse ndi kapepala kokana kosindikiziratu, kopanda ngakhale liwu limodzi lolemba pamanja. Adafika poganiza kuti kumapeto kwa positiko kulibe munthu, kuli makina ongochotsa mapepala mu envulopu ina n'kuika mu ina. Ndalama za masitampu zikatha, mipukutu ya zolemba inkaunjikana pansi pa tebulo. Adapinyolitsa jekete, wotchi ndi njinga. Pa nthawi ina adakalowa ntchito ya udobi pa hotela ina, kuchapa ndi kusita kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo adatopa kotero kuti buku silinkatsekukanso m'manja mwake, Loweruka n'kumathera ku mowa. Apa mlembi akutiuza chinthu chimene alimi a mpunga ku Domasi akuchidziwa bwino, chakuti thupi likalema mopitirira, mutu nawo umagona, ndipo si ulesi umene umalepheretsa wosauka kuwerenga.

Tsopano tiyeni kwa atengambali. Ine ndimalangiza ana kuti atenge pepala, alembe mzere pakati. Mbali ina alembe zimene munthu aliyense adamuchitira Martin pa nthawi ya njala, mbali inayo zimene adamuchitira pa nthawi ya mwanaalirenji. Khalidwe la aliyense lidzaonekera lokha.

Yambani ndi Maria Silva. Ana anali nawo 7, moyo wake unali wochapa zovala za anthu ndi kukama ng'ombe zake ziwiri. Za mabuku sankazidziwa. Koma ankaona kuti mnyamata wa m'kachipinda kaja akuonda, ankaona jekete ikuchoka n'kubwerera, ndipo ankatuma mwana wake ndi buledi wophika yekha kapena msuzi wotentha. Martin atadwala, adamudwazika ndiye. Kenako pali Gertrude, mlongo wake wa Martin, wokwatiwa ndi mwini golosale woumira dzina lake Bernard Higginbotham. Mayiyu, msana uli wowawa ndi kuchapa, ankakhala pansi kumvetsera nthano za mlongo wake, ngakhale iye ankakonda zothera pabwino. Tsiku lina adakumana naye mumsewu, naona kuti akuyenda pansi chifukwa chosowa yokwerera, namufumbatitsa ndalama yagolide ya madola 5. Chibale ndi fupa, sichiola. Palinso Joe Dawson, dobi mnzake, ndi Lizzie Connolly, mtsikana wa m'fakitale amene adamukonda Martin ali wopanda dzina, ndipo chikondi chake sichidakule kapena kuchepa dzinalo litabwera. Anthu amenewa pa mayeso timawatcha atengambali aang'ono, koma ndiwo adasenza denga.

Ruth ndiye amafuna kudekha koposa. Mwana wachangu amalemba kuti Ruth ngwachinyengo, n'kupitirira. Ine ndikuti taimani kaye. Ruth adamuphunzitsa Martin kayankhulidwe ndi mtima wonse, ndipo adamukonda mpaka kuvomera chitomero makolo ake asakufuna. Vuto lake lidali lakuti ankakonda munthu amene ankafuna kumuumba, osati amene adali pamaso pake. Chitsanzo chake chidali a Butler, mnzawo wa bambo ake, amene adachoka mu umphawi n'kufika polandira madola 30,000 pachaka, ndipo Ruth ankafuna kuti Martin asiye zolembalemba, alowe ntchito ya mu ofesi. Martin adapempha zaka ziwiri. Zolemba zake akamuwerengera, Ruth ankaona zolakwika za kalembedwe, mtima wa nthanoyo osaumva. Tsiku lina cha pa Khirisimasi adakumana naye m'sitolo akugulira ana a Maria zinthu, ndipo Ruth adachita manyazi kuti bwenzi lake laoneka pagulu ndi ana ausiwa. Ruth sadali mfiti. Adali mwana woleredwa m'mpanda, woopa chonena anthu, ndipo mantha otere amaononga zambiri ngakhale mwini wake alibe njiru.

Wotsiriza ndi Russ Brissenden, mlakatuli wodwala chifuwa chachikulu, munthu yekhayo amene adawerenga zolemba za Martin n'kuzindikira kulemera kwake. Iyeyu adamuchenjeza kuti asapembedze magazini ndiponso kuti afune chinthu choposa iye mwini choti adzatsamire tsiku limene kutchuka kudzamugwiritse mwala. Adamutengera ku msonkhano wa anthu a sosholizimu. Martin adayankhulako motsutsana nawo, koma mtolankhani wina wachinyamata, pofuna nkhani yogulitsa nyuzi, adalemba kuti Martin ndiye mtsogoleri wawo. Banja la a Morse lidapeza pothawira, Ruth adalemba kalata yothetsa chitomero. Pasanapite nthawi Brissenden adadzipha. Kuyambira pamenepo Martin sadalembenso kanthu katsopano.

Mfundo imeneyi muigwire, pakuti tsatanetsatane yense wa bukuli wazungulira pamenepa. Atasiya kulemba, Martin adangotumizanso mipukutu yakale ija, ndipo mwadzidzidzi umodzi udasindikizidwa n'kugulidwa ngati chimanga m'chaka cha njala. Akonzi amene ankamukana adayamba kulimbirana chilichonse chimene chidali pansi pa tebulo lija. Ndalama zidasefukira. Apa ana ambiri amati pampondachimera ndi pomwepa, phwiti wakwatira njiwa. Koma taonani zotsatira. Woweruza milandu wina, a Blount, amene Martin adawanyozapo pamaso, adamuitanira chakudya. Bambo ake a Ruth adamuitanira chakudya. Higginbotham, amene ankamutcha mlesi, adamuitanira chakudya. Ndipo funso limodzi lidayamba kumudya Martin usana ndi usiku: pamene ndinali ndi njala munali kuti? Zimene mukunditamandira ndidazilemba kale, nthawi imene munkandithawa mumsewu, ndipo ine sindidasinthe. Tsono mukuitana ine kapena dzina ndi ndalama?

Pampondachimera penipeni ndi usiku umene Ruth adabwera ku hotela kumene Martin ankakhala, nanena kuti wabwera mozemba, mosamvera makolo, ndipo ngwokonzeka kukhala naye. Martin adamuyang'ana napeza kuti mumtima mwake mulibenso kanthu. Pomuperekeza, adaona Norman, mlongo wina wa Ruth, atabisala pakhomo lina akudikira, nazindikira kuti ngakhale kulimba mtima kuja kudali kokonza kunyumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chimene adachivutikira zaka zonsezo chidafika m'manja mwake chili chopanda kanthu.

Pano m'posavuta kuloza chala a Morse okha. Koma wosanthula wachilungamo amafunsanso kuti, nanga Martin mwini wake adalakwa pati? Ngongole adabweza, ndipo adabweza mowolowa manja. Gertrude adalandira ndalama zagolide 100 pa imodzi ija. Maria adagulidwira nyumba ndi famu ya ng'ombe zamkaka. Joe adagulidwira malo akeake ochapira. Kupatsa n'kuika, ndithudi. Koma ndalama ndi zimene adatha kubweza, iye mwini sadathe kubwerera. Adapita ku chisangalalo cha anzake akale, iwo adamulandira ndi manja awiri, koma iye adapeza kuti mabuku aima pakati pawo. M'kuwerenga kwake adamwa maganizo a Herbert Spencer ndi Friedrich Nietzsche mpaka kukhulupirira kuti dziko ndi la amphamvu oima paokha, ndipo anthu wamba ndi khamu chabe. Olemera adawanyoza chifukwa cha chinyengo chawo, osauka adawamvera chisoni koma sadawayesenso anzake okambirana nawo. Adatsala yekha. Kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Adakwera sitima yotchedwa Mariposa yopita ku Tahiti, ndipo pakati pa nyanja adadziponya m'madzi. A Jack London eni ake adadandaula pambuyo pake kuti bukuli adalilemba potsutsa chiphunzitso cha kudzidalira wekha, koma openda mabuku sadazione.

Ife a kuno tili nacho chotithandiza kumvetsa. Nyanja yathu ya Chilwa imalandira madzi a Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, koma ilibe mtsinje wotulutsa. N'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatana imaphwa, monga idachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato n'kukhala pamatope ku Kachulu, matemba n'kusowa pamsika wa Songani. Martin adalandira nzeru kuchokera ku mitsinje yambiri, koma Brissenden atapita adalibenso munthu womutsanulira za mumtima, ndipo chilala chitafika adaphwa.

Tsono tiyang'ane alembi athu, tione ngati alipo adasenza denga yekha. A Samuel Josiah Nthara, amene buku lawo la Nthondo lidapambana mpikisano mu 1933, adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo a Cullen Young ndiwo adalimasulira m'Chingerezi kuti lidziwike kutali. A Legson Kayira adanyamuka wapansi mu 1958 kuchoka kumpoto kwa dziko lino mpaka kukafika ku Khartoum pofuna maphunziro. Khama loposa pamenepo n'losowa. Koma ndalama ya ulendo wopita ku America adasonkha ndi anthu wamba a ku Skagit Valley amene adali asanawaonepo, ndipo buku lawo la I Will Try lidatuluka mu 1965.

Chitsanzo chapafupi chili pa Zomba pompa. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College adayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers Group, ndipo koleji itasamukira ku Zomba mu 1973 gululo lidasamuka nayo. Ankakumana sabata ndi sabata, wina n'kuwerenga ndakatulo kapena nthano yake, anzake n'kuisenda popanda kunyengerera. M'gulu limeneli mudadutsa a Jack Mapanje, a Steve Chimombo, a Frank Chipasula, a Lupenga Mphande, a Anthony Nazombe ndi ena. Nthawiyo idali yoopsa, bungwe lounika mabuku lidali maso, liwu limodzi likadatha kumutsekeretsa munthu. Buku la ndakatulo la a Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidatuluka mu 1981. Mu Seputembala 1987 adamangidwa ku Zomba n'kukatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu, m'chigwa chomwechi cha Chilwa, popanda mlandu wozengedwa, mpaka mu Meyi 1991. Martin adali ndi ndalama ndi ufulu, koma adalefuka. A Mapanje adalandidwa zonse, koma adatuluka n'kupitiriza kulemba. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adali ndi anthu. Wansembe wina, mnzawo wa pakoleji, Bambo Patrick O'Malley, adatumiza uthenga wa kumangidwa kwawo kunja, alembi a maiko ambiri adafuula osaleka, akaidi anzawo adalimbikitsana nawo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Malemu a Chimombo, mwana wa Zomba, amene adatisiya mu 2015, atiphunzitsa china. Sadapite kutali kukafuna nkhani. Adatenga Napolo, amene adagumula phiri la Zomba mu 1946, amene agogo athu ankamusimba pamoto, n'kumusandutsa ndakatulo zowerengedwa m'mayunivesite. Adayambitsanso magazini ya WASI kuti alembi ndi aluso ena apeze poonekera. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka.

Kwa iwe mdzukulu wanga amene umalemba kumapeto kwa kope la masamu, ndili ndi mawu atatu. Loyamba, khama la Martin ulitenge lonse. Werenga chilichonse chimene ungachipeze, lemba tsiku ndi tsiku, tumiza ku nyuzipepala ndi ku mipikisano, ukakanidwa ulembenso. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Ndipo usanyoze ntchito yodyetsa thupi, pakuti pamenepa Ruth sadalakwe kotheratu. A Nthara adali mphunzitsi, a Chimombo adali mphunzitsi, a Stanley Onjezani Kenani, amene nthano zawo zidafika m'ndime yomaliza ya mphoto ya Caine mu 2008 ndi mu 2012, ndi katswiri wowerengera ndalama. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Lachiwiri, dzifunse kuti ukulembera yani. Ngati cholinga chako n'chakuti a kutauni aleke kukuseka, tsiku limene adzakuombere m'manja udzapeza kuti njala yako ikadalipo. Nkhani zili pakhomo pako: msodzi wogona m'chimbowera pakati pa mabango, mayi wopuntha mpunga mwamuna ali ku Joni, mnyamata wa kabaza wonyamula dengu la matemba mbandakucha. Uzilembe m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chingerezi, koma uzilembe moti eni akewo akamva adzizindikire, asachite manyazi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Lachitatu, peza anzako. Atatu kapena anayi akwana, pansi pa mtengo wa mango pasukulu kapena pa WhatsApp, oti muziwerengerana ndi kudzudzulana moona. Ndipo mtima ukadzalemera, ukadzaona ngati zonse zatha ntchito, usadzakhale chete monga adachitira Martin. Uza mnzako, uza amalume ako, uza abusa kapena ashehe, pita kuchipatala. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kwa inu makolo anzanga, ndi inu aphunzitsi, mawu anga ndi awa. Pophunzitsa buku, musalekere pa funso lakuti mtengambali wamkulu ndani. Funsaninso kuti adamudyetsa ndani, adamumvetsera ndani, ndipo iye adawachitira chiyani. Mwana wozolowera mafunso otere adzayamba kuwafunsa pa moyo wake womwe. Ndipo pakhomo panu pakapezeka mwana wokonda kulemba, dziwani kuti nanunso mwalowa m'nthano yake, ndipo mbali yanu mukusankha nokha, ya Higginbotham kapena ya Maria Silva. Maria sadaphunzire, koma adadziwa kuona munthu wanjala. Simukusowa digiri kuti mukhale pansi mumve zimene mwana walemba, kuti mumugulire kope ndi cholembera, kuti mumupatse mpata akamaliza ntchito ya kumunda. Musadikire kuti dzina lake limveke pa wailesi ndiye mumuitanire nsima. Nsima ya nthawi imeneyo adzaipeza paliponse. Imene akuisowa ndi ya lero.